Zithunzi Zoyera ndi Chiphaso Changa

Mangochi Boma,
Lamulungu, 8 Disembala.

Okondedwa achemwali a Rahma,

Asalamu alaikum. Kuno kwacha ndi mitambo yolemera kumapiri a kwathu uko. Mvula inawaza m'bandakucha, yongogonetsa fumbi, ndipo pamene azana amamveka ku mzikiti achule anali akulirabe m'ngalande. Tsopano chigayo cha kuseri kwa chipinda changa chayamba kugunda, a kabaza akuliza mabelu pa msewu wa ku mlatho, ndipo pakhomo pali mapiko a ngumbi okhaokha. Ndakhalira ndowa, pepala lili pa bondo.

Kaya inu muli bwanji kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi mwana? Mwendo wa Mama uja unaphwa? Ine ndili bwino, alhamdulillah, kupatula kachimfine komwe sikakundiletsa kupita ku sukulu.

Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa foni ya pakhomo panu imagona m'thumba mwa alamu, ndipo chilichonse cholowa m'menemo amalume a Jaffalie amachimva dzuwa lisanalowe. Kalatayi ndapatsira mayi Lusiya ogulitsa tomato aja. Ndawapempha kuti aipereke m'manja mwanu osati mwa wina.

Uthenga wa amalume unandipeza Lachitatu. Akuti teremu ikatha ndilongedze zonse, ndi mphasa yomwe, chifukwa mu Januwale ndinyamuka ndi mwana wawo Latif kupita ku Joni. Akuti zipatso za sukulu yanga zaoneka, ndipo zipatsozo ndi zithunzi zoyera. Achemwali, ine sindipita. Ndalemba poyambirira pano kuti musavutike kufufuza yankho m'munsimu.

Ndikudziwa kuti nkhani ya zithunzizo mwaimva kwa anthu oseka. Imvaninso kwa mwini wake.

Aphunzitsi athu a jogalafe, a Sunganani, anagwirizana ndi aphunzitsi a mapulayimale a kwathu ku Katuli kuti aziyeza mvula m'mabotolo odula pakati ndi kutumiza manambala pa foni. Manambalawo timawalowetsa mu Excel pa kompyuta imodzi yokha yomwe imayaka bwino pa sukulu pathu. Mudzi uliwonse uli ndi tsamba lake, ndipo tsamba lililonse lili ndi tebulo la manambala ndi tchati, chojambula cha timizati tosonyeza kuti sabata iyi kunagwa yochuluka bwanji, sabata iyo bwanji. Cholinga n'chakuti alimi a m'makalabu aziona okha asanataye mbewu m'nthaka youma.

Vuto linali lakuti mafoni a kumudzi satsegula fayilo ya Excel. Chomwe chimayenda pa gulu la WhatsApp ndi chithunzi basi. Choncho a Sunganani ankaima kutsogolo kwa kompyuta n'kumajambula sikirini ndi foni yawo. Zithunzizo munaziona: mizere yophethira, zenera la kalasi likuwala pakati pa mvula ya Novembala, ndi dazi la aphunzitsi likuoneka pamwamba pa mudzi wa kwathu.

Anzanga nthawi yopuma amapita kukagula zigege kapena kukamenya mpira. Ine ndimatsala. Sindiyankhula zambiri, mumandidziwa, koma ndimaona. Tsiku lina ndinaona mnyamata wokonza makompyuta akutsegula chitseko china cha kuseri kwa Excel, n'kulembamo mizere, kompyuta n'kuyamba kudzichitira yokha ntchito. Nditamufunsa anangoti ndi makuro, n'kutseka chikwama chake. Ndinabwereka foni ya aphunzitsi, ndinawerenga, ndinakopera m'kope. Makuro ndi malangizo amene umalembera kompyuta kamodzi, kenako ukadina batani imawatsata yokha. Yangayo ndinailembera kuti iyende tsamba ndi tsamba, itenge tchati, iisunge ngati chithunzi, iipatse dzina la mudzi wake.

Nditadina batani, foda inadzaza ndi zithunzi m'kuphethira kwa diso. Ndinatsegula choyamba, chinali chokongola, chopanda dazi la munthu. Belu linali litalira, magetsi akuphethira. Ndinalemba pansi kuti zakonzedwa ndi Sadik wa Fomu 4, tinatumiza zonse pa gulu.

Choyamba chokhacho ndiye chinali ndi tchati. Zina zonse zinali zoyera mbee, ndi cha mudzi wathu chomwe.

Zomwe zinanenedwa kumeneko zinandifika zonse. Akuti amalume atatuluka mu Juma anaimika anthu pa khonde la mzikiti, foni m'mwamba, n'kumati mphwawo waphunzira kujambula kanzu yoyera ya shehe. Wina akuti anayankha kuti ayi, mwanayo wanena zoona, poti mvulayo sinagwe n'kale. Akuti Baba sanaseke, anangovala nsapato n'kunyamuka. Chimenecho ndiye chimandiwawa. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo, ndikudziwa. Koma mtengo suudula chifukwa cha tsamba limodzi.

A Sunganani anandilanda kiyi wa chipinda cha kompyuta. Anati iwo anabwera kuchokera ku Dedza kudzaphunzitsa, osati kudzasekedwa m'Chiyao chomwe sachimva n'komwe. Ndinakhala pa sitepe ya chipindacho nthawi yopuma iliyonse sabata yonse, osapempha. Pamapeto pake anandiponyera kiyi n'kunena kuti nkhope yanga ikuwadwalitsa mutu.

Cholakwika ndinachipeza ndekha. Kompyuta imajambula tchati pokhapokha ikamaiyang'ana. Tsamba lomwe linali lotsegula pa sikirini linatuluka bwino. Masamba enawo makuro yanga inkangowadutsa mothamanga ngati minibasi yodzaza, n'kumasunga chimango chopanda kanthu. Ndinawonjezera mizere yoiuza kuti itsegule kaye tsamba, ikhudze tchati, idikire pang'ono, kenako isunge. Zithunzi zonse zinatuluka zathunthu. Ndinatsegula chimodzi chimodzi mpaka chomaliza ndisanauze munthu.

Tebulo la manambala linandivutitsa koposa. Excel ilibe njira yosungira timabokosi take ngati chithunzi, imangolola tchati. Ndiye ndinachita zomwe Mama amachita akafuna kutumiza ufa koma alibe thumba: amabwereka lichero la eni. Makuro yanga imakopera timabokosito ngati chithunzi, imapanga tchati yopanda kanthu, imathiramo chithunzicho, imasunga, kenako imafufuta tchati yobwerekayo. Poyamba manambala ankatuluka oduka m'mbali chifukwa licherolo linali laling'ono. Tsopano imayeza kaye kukula kwa tebulo, lichero n'kukhala la saizi yomweyo. Ntchito yomwe aphunzitsi ankathera masana onse imatha madzi a tiyi asanawire.

Zithunzi zabwinozo zinapita pa gulu lomwe lija Lolemba lapitali. Mukudziwa anayankha ndani? Palibe. Zoyera zija mudzi wonse unali ndi mawu, izi aliyense wagwidwa ndi chifuwa. Munthu mmodzi yekha, mlimi wina wa kufupi ndi malire, anatumiza mawu akuti manambala ndiwakulitse chifukwa maso ake ndi akale. Ndawakulitsa. Amalume anaziona, timizere ta buluu ta pa WhatsApp tinaonetsa. Lachitatu lake ndi pomwe ananditumizira uthenga wa ku Joni.

Choncho musandiuze kuti nkhani ndi zithunzi. Zikanakhala zithunzi, bwenzi nkhani itatha Lolemba. Amalume anaganiza kale, amangodikira poyambira.

Sindikunyoza udindo wawo. Ndi eni mbumba, ndikudziwa kuti kwathu mawu a amalume amalemera kuposa a bambo, ndipo ndikawaona ndidzagwada ngati kale. Anandigulira yunifolomu ya Fomu 1, sindinaiwale. Koma achimwene a Nuru anawachotsanso sukulu chimodzimodzi, ali Fomu 2, atalephera masamu teremu imodzi. Tinauzidwa kuti akakhala ku Joni chaka chimodzi, akabwera ndi malata. Inu munali musanakwatiwe. Lero mwana wanu akuyenda, ndipo amalume ake a Nuru amawadziwa pa chithunzi cha pa foni.

Atandiimbira foni, amalume anandifunsa ngati kompyutayo ndidzaidya. Ndinayankha kuti sindikudziwa. Anafunsa kuti ndani wa ku Katuli analemera ndi timizati. Ndinati palibe. Anati ndiye ukukaniranji. Mayunitsi awo anathera pomwepo. Yankho ndinali nalo, koma si loyankha akulu pa foni: chinthu ichi chinandikanika pamaso pa anthu onse, ndipo ndinachikonza ndekha popanda wondigwira dzanja. Sindinakhalepo ndi chinthu chotere. Mayeso a Fomu 4 ali mu Julaye. Ndikufuna ndilembe. Ndikalephera, ndilephere nditakhala pa desiki, osati ndili m'shopu ya munthu ku Joni ndikuganiza kuti mwina ndikanakhoza.

Za mavuto ang'onoang'ono musade nkhawa. Denga likudontha pakona pomwe ndinkaika mabuku, ndawasamutsira m'jumbo. Mwini nyumba waletsa kuphikira m'kati, ndiye mvula ikagwa ndimadya chinangwa chachiwisi. Nsapato yakumanzere yatsegula pakamwa. Zonsezi sizikupha.

Pempho langa ndi limodzi. Chiphaso changa cha unzika chija munanditengera chitatuluka, chili m'sutikesi yanu. Amalume abwera kudzachifuna kuti akayambire za pasipoti. Musawapatse. Chikulungeni m'pepala, muwapatsire mayi Lusiya akamabwerera kuno Lachinayi. Ku sukulu akufunanso kuchiona kuti dzina langa lilembedwe molondola pa mayeso, choncho simukhala mukunama mukanena kuti chapita ku sukulu. Akakukalipirani, nenani kuti ndinakuumirizani ine. Mkwiyo wawo ubwere kuno, msewu akuudziwa. Ndikudziwa kuti ndikukuikani pakati, inu amene mumakhala nawo mudzi umodzi ndi kutunga pa mjigo umodzi ndi akazi awo. Ndikanakhala ndi wina sindikanakupemphani.

Mukapeza mpata alamu atasiya foni pa mphasa, muwaonetse Baba chithunzi cha mudzi wathu, chatsopanocho. Musanene kanthu. Angochiona kuti si choyera.

Mundiperekere moni kwa Mama, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ndawapeza ndipo ndibwera nawo pa holide. Ndibwera ndi chikwama chaching'ono, mphasa ikhala konkuno. Moni kwa Baba, kwa anganga, kwa azakhali a kutsidya kwa dambo, kwa alamu, ndi kwa mphwanga wamng'onoyo, mumutsine tsaya m'malo mwanga. Amalume a Jaffalie nawonso muwapatse moni wanga mwaulemu wonse.

Chotsala ndi ichi, ndipo ndachisunga pomaliza kuti musankhe nokha chowauza Mama. Amalume anandituma kuti dzulo ndikachingamire basi ya ku Joni pa depoti, ndikathandize Latif kunyamula katundu, mwina poganiza kuti ndikaona katunduyo mtima utembenuka. Ndinapita. Ndinaima pafupi ndi chitseko kuti ndione aliyense wotsika.

Latif anatsika. Wabwera ndi filiji, masipika awiri ndi njinga ya mwana. Waonda, ndipo dzino lakutsogolo palibe. Allan, mwana wa aphunzitsi akale a pa pulayimale yathu, anatsika ndi jumbo imodzi, atavala jekete yomwe ananyamuka nayo. Sanafune kuti ndimuone, ndiye ndinayang'ana kumbali. Amuna a Amida wa kumudzi kwathu sanabwere, atumiza bulangete ndi mapoto. Anatsikanso anyamata ena a ku Namwera omwe sindikuwadziwa, ndi mayi wina wa mwana kumsana yemwe palibe anamuchingamira.

Ndinadikira mpaka kondakitala anayamba kusesa m'basi. Ndinamufunsa Latif za achimwene. Anati anawaona komaliza nthawi ya Ramadani, anasamukira tauni ina, ndipo nambala yawo sikulowanso. Achimwene a Nuru sanatsike.

Ndine mlongo wanu,
Sadik.