Tsamba la sukulu yanga linalonjeza mphunzitsi yemwe ndilibe

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndili ndi sukulu ya mkaka. Si yaikulu ayi. Ndi nyumba yakale ya apongozi anga yomwe tinagumula khoma lapakati kuti pakhale kalasi. Kuseri kuli bwalo la mchenga, katungwe ndi matayala omwe tinapenta tokha. Aphunzitsi tilipo atatu, kuphatikizapo ineyo. Makolo amatidziwa pongouzana, koma chaka chino ana achepa, poti kutsidya kwa msewu kwatsegulidwa sukulu ina ya mpanda wautali, yokhala ndi basi yakeyake.

Bambo a kunyumba ndi amene anandiuza kuti, "Masiku ano munthu akafuna sukulu sayenda ndi miyendo, amayenda ndi chala pa foni. Iwe pa intaneti palibe." Mng'ono wanga anandithandiza kutsegula tsamba la pa intaneti, koma linali ngati nyumba yopanda mipando: dzina la sukulu, nambala ya foni, basi. Panafunika munthu woti alembe mawu.

M'gulu lathu la pa foni la azimayi a bizinesi, wina anaponya nambala ya bambo wina wodzitcha Dokotala wa Mawu. Nditamulembera anayankha nthawi yomweyo, ulemu wake woopsa, mayi apa, mayi apo. Ananditumizira nkhani zomwe ankati analembera mahotela ndi zipatala, Chingerezi chake choterera ngati sopo. Mtengo wake unalinso wotsika kuposa wa mayi wina wolemba yemwe ndinamufunsa poyamba. Mayi ameneyo ndinamusiya chifukwa anali ndi mafunso ambirimbiri, mpaka kufuna kubwera kudzaona sukulu, ine n'kumaona ngati akundichedwetsa. Dokotalayu sanafunse kanthu. Anangofuna dzina la sukulu, mawu achinsinsi olowera patsambalo, ndi malipiro onse patsogolo. Mawa lake tsamba linali litadzaza.

Peji yoyamba ndinaiwerenga nditaimirira pakhomo, ana akusamba m'manja. Inali yokoma. Ndinaona "chikondi", ndinaona "atsogoleri a mawa", mtima n'kukhala pansi. Mapeji enawo ndinati ndiwerenga ndikapeza mpata.

Mwezi watha kunabwera mayi wina wosoka zovala, atagwira dzanja kamtsikana ka zaka zinayi. Kamwana ka maso akuthwa, katavala diresi yoti mumachita kuona kuti yasokedwa ndi munthu wokakonda. Nditakapatsa moni sikanayankhe, kanangondiyang'ana pakamwa. Mayi ake anati, "Samva, madamu. Anabadwa choncho." Kenako anatulutsa foni n'kundionetsa peji ya tsamba langa yomwe ineyo ndinali ndisanaitsegulepo. Panalembedwa kuti sukulu yathu ili ndi mphunzitsi wodziwa chinenero cha manja, ndipo ana osamva timawalandira ndi manja awiri. M'munsi mwake munali umboni wa kholo lina loyamikira mmene mwana wake wasinthira. Kholo limenelo kulibe, Aphungu. Mphunzitsiyonso kulibe.

Mayiyo anati, "Ndazungulira sukulu zambiri. Kulikonse amangoti pepani, sitingakwanitse. Nditawerenga izi ndinaika foni pansi n'kulira." Anandiuzanso kuti wasamuka komwe ankakhala, wapeza chipinda cha lendi pafupi ndi ife, ndipo makina ake osokera waika pakhonde la sitolo ya pakona, kuti azimuperekeza mwanayo wapansi. Makasitomala ake akale anawasiya komweko.

Mawu omwe anatuluka pakamwa panga ndi akuti, "Aphunzitsi amenewo panopa kulibe." Iye anamva ngati apita kutchuthi, ndipo ine sindinamuwongole.

Ndiye mwanayo akubwera, ndipo amakhala woyamba kufika. Timamukhazika kutsogolo, timamumwetulira, amajambula bwino kuposa anzake onse. Koma ikafika nthawi ya nyimbo amangoyang'ana milomo ya anzake, kenako amapita pawindo kukasanja timatabwa toseweretsa. Tsiku lina belu litalira anzake onse anathamangira m'kalasi, iye anatsala yekha pa katungwe, akucheukacheuka, osadziwa kuti anthu alowera kuti. Mphunzitsi wanga wamkulu, amene ana amamutcha Anti Magalasi, anandikokera pambali n'kunena kuti, "Madamu, mwanayu tikungomusunga, sitikumuphunzitsa." Ndipo masana alionse mayi ake akabwera kudzamutenga amafunsa mwaulemu, "Aphunzitsi aja abwera liti?"

Ndinamuimbira Dokotala wa Mawu. Anaseka. Anati, "Mayi, kumeneko ndiye kutsatsa malonda. Sukulu zonse zimalemba choncho. Nanga mwana wabwera kapena sanabwere?" Nditamuuza kuti achotse pejiyo, anati kukonza kuli ndi mtengo wake. Nditakalipa anadula foni, ndipo kuchokera tsiku limenelo nambala yake sikupezeka. Mawu achinsinsi aja anawasintha, moti tsamba langa lomwe sinditha kulowamo. Pejiyo ikadalipo mpaka lero.

Bambo a kunyumba akuti ndikhale chete, ndifufuze mphunzitsi wa chinenero cha manja mwakachetechete, akapezeka nkhani yatha. Ndafunsafunsa, koma aphunzitsi amenewa ndi osowa, ndipo sukulu yanga singakwanitse kulemba munthu wina ntchito panopa. Anti Magalasi akuti ndimuuze mayiyo zoona. Ine ndikuopa. Mayiyo akakafotokoza kumsika kuti sukulu ija ndi ya mabodza, ana otsalawa atha. Komanso mwanayo ndamukonda.

Ndichite bwanji? Ndipo tsambalo ndikulifunabe, koma kulemba si luso langa. Wolemba weniweni ndingamudziwe bwanji, poti pa foni onse amaoneka aulemu?

N.C., mwini sukulu ya mkaka

Mayi N.C.,

Tiyambe ndi mwana, za tsamba zibwera pambuyo.

Muitaneni mayiyo mawa. Osati pageti pomwe makolo ena akumva, koma mu ofesi, chitseko chotseka, mum'patse mpando. Mumuuze mosazungulira kuti mphunzitsi wa chinenero cha manja pasukulu panu palibe, sanakhalepo, ndipo munayenera kunena tsiku loyamba lija. Za Dokotala wanuyo mufotokoze mwachidule, koma musabisale kumbuyo kwake. Iye ananama kamodzi n'kuthawa. Inu mwakhala mukulithirira bodzalo masana alionse. Sindikunena izi kuti ndikupwetekeni. Munthu wouma mtima sakanaona n'komwe kuti mwana watsala yekha pa katungwe, ndipo sakanandilembera.

Malangizo a bambo a kunyumba akuchokera m'chikondi, koma musawatsatire. Msinkhu umenewu ndi womwe mwana amatola chinenero, ndipo masiku omwe akutha ali pawindowo ndi ake, si anu. Mukuopa kuti mayiyo akalankhula kumsika. Akhoza kulankhuladi. Koma taganizirani zomwe adzanene akadzazitulukira yekha kumapeto kwa teremu.

Musapite kwa iye ndi "pepani" yekha m'manja. Musanamuitane, funsani ku ofesi ya zamaphunziro ya m'dera lanu ndi ku bungwe la anthu osamva ngati lilipo pafupi, kuti kalasi ya ana otere ili kuti, kapena ngati pali munthu woti azibwera kudzaphunzitsa mwanayo, mayi ake, ndi inu aphunzitsi nomwe. Fizi mum'bwezere asanaitchule. Akafuna kuti mwanayo azibwerabe kudzasewera ndi anzake pomwe malo oyenera akufufuzidwa, zikhale zosankha zake, akudziwa zoona. Akakwiya n'kutuluka, musamuthamangire ndi zifukwa. Munthu anasamuka chifukwa cha mawu amenewo. Mkwiyowo ndi woyenera.

Tsopano za tsamba. Ndinalitsegula pa adiresi yomwe munanditumizira, n'kutenga chiganizo chimodzi cha peji ija, n'kuchiika pofufuzira zinthu pa intaneti. Chinatuluka chonse, osasintha ngakhale mpumiro, patsamba la sukulu ina ya kunja. Umboni wa kholo uja nawonso uli komweko, anangosintha dzina. Madzi a tiyi anali asanawire pomwe ndinkamaliza kufufuzako. Ndiye mavuto ndi awiri: mwalonjeza zomwe mulibe, komanso pakhomo panu pali katundu wa eni ake, omwe tsiku lina akhoza kukufunsani.

Khalani pansi ndi mng'ono wanu, mulembere kampani yomwe imasunga tsambalo. Poti analitsegula ndi iye, imelo ndi malisiti zitsimikizira kuti ndi lanu. Apempheni alitseke kaye mpaka mutalandira mawu achinsinsi atsopano. Podikira, lembani uthenga waufupi m'gulu la makolo kuti tsambalo lili ndi zolakwika, asalikhulupirire mpaka litakonzedwa. Mauthenga a Dokotalayo musafufute, adzakuthandizani mukafuna kukadandaula kupolisi. Ndipo azimayi anzanu a m'gulu lija muwauze. Mukafunsitsa mupeza kuti amene anaponya nambalayo sanam'gwiritsepo ntchito n'komwe, anangoiona kwina n'kuipatsira.

Mwafunsa mmene mungadziwire wolemba weniweni. Munali naye, mayi, n'kumuthawa chifukwa cha mafunso. Wolemba weniweni amatopetsa. Amafuna kudziwa kuti muli ndi ana angati, mumatsegula nthawi yanji, mwana akadwala mumatani, ndani amatsegula geti. Munthu amene sanafunse chilichonse alemba sukulu yanji? Alemba ya m'mutu mwake, ya eni ake, kapena auza makina a pa kompyuta olemba okha aja kuti am'lembere. Makinawo amatulutsa mawu osalala zedi, koma sanapondepo pabwalo lanu. Ntchito ya mapeji ambiri ikapsa tsiku limodzi, pamtengo woti mukuchita kudabwa nokha, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wolemba akakutumizirani zitsanzo za ntchito yake, musangosirira Chingerezi. Mufunseni kuti nkhanizo zili patsamba liti, ndipo akupatseni nambala ya mwini tsambalo. Imbani. Mufunse ngati anamaliza pa nthawi yake, ndiponso ngati ankayankha foni atalandira kale malipiro. Wolembayo mulankhule naye pakamwa, ngati n'kotheka maso ndi maso, osangoti mauthenga. Kenako mum'patse kantchito kakang'ono koyesera, kolipira ndithu poti nayenso ndi wantchito: ndime imodzi yofotokoza tsiku la mwana pasukulu panu. Ndimeyo ikakhala yoti sukulu ya kutsidya ikhoza kuitenga n'kuikapo dzina lake, munthuyo si wanu.

Mukagwirizana, pangano likhale lolembedwa, ngakhale pa uthenga wa foni: alemba mapeji ati, amaliza liti, kukonza zolakwika kuli m'kati mwa mtengo womwewo, mawuwo ndi akeake osati okopera, ndipo mukalipira asanduka anu. Perekani gawo poyamba, lotsalalo mukawerenga n'kukhutira. Mawu achinsinsi musam'patse, ngakhale atakhala wa kutchalitchi kwanu. Telala mumam'patsa nsalu, simum'patsa makiyi a kuchipinda. Iye atumize zolembazo kwa inu, mng'ono wanu ndiye aziike patsamba.

Ndipo chachikulu n'chakuti muwerenge zonse. Osati mutaimirira pakhomo. Khalani pansi ndi Anti Magalasi ana ataweruka, wina aziwerenga mokweza, pa chiganizo chilichonse muzifunsana kuti, "Kodi izi timachitadi?" Chomwe simuchita, fufutani, chikome bwanji. Tengani ziganizo zingapo muzifufuze monga ndinachitira ine. Umboni wa makolo ukhale wa makolo enieni amene avomera okha. Musachite manyazi ndi kuchepa kwa sukulu yanu. Kholo lofuna malo oti lisiye mwana wake m'mawa limakhulupirira msanga munthu wonena za bwalo la mchenga ndi aphunzitsi atatu kuposa wonena za atsogoleri a mawa. Mukhozanso kupempha kuti mapeji ena alembedwe m'Chichewa, kuti agogo ndi azakhali operekeza ana awerenge okha.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Zinthu zikayenda bwino, mayiyo akakukhululukirani, mwanayo n'kuyamba kukupatsani moni ndi manja, wina adzakuuzani kuti iyi ndi nkhani yokoma, muike chithunzi chake patsamba latsopano anthu aone chifundo chanu. Mwina adzakhala wolemba wabwino yemweyo, mwina bambo a kunyumba, mwina mtima wanu womwe. Mudzakane. Mwana ameneyu anabwera kudzaphunzira, sanabwere kudzakuitanirani makasitomala.

Aphungu