Bambo Anadikira Kuti Phiri Likhale Chete

St. Peter's, Montserrat
6 Julayi 1997

Okondedwa achemwali Verna,

Pa foni paja ndinangoti Bambo tikuwafunafunabe, inu n'kuyamba kundikalipira ngati ndataya mbuzi. Ndinakusiyani, poti ku London kulibe wina womukalipira. Koma tsopano khalani pansi.

Chitisamutsireni boma kumudzi poopa kuphulika kwa phiri lamoto lija, timagona m'tchalitchi muno, banja lililonse malire ake nsalu. Bambo sanazolowere. Ankati munthu wodya nyemba za m'chitini karoti ali m'munda ndi maliro oyenda. Ndiye m'mawa ankazemba apolisi kulowera kuphiri, madzulo n'kubwera ndi thumba. Tchalitchi chonse chinkadya, ine ndemwe.

Anali ndi lamulo lawo. Akafika pa nyumba ya a Tuitt, anzawo aja a m'munsi mwa phiri, ankaika kapu ya madzi pakhonde. Madzi akamanjenjemera ankadikira, akangodekha ankakwera kumunda. Ndinawafotokozera zimene akatswiri ankanena: tizivomezi timeneti ndi chiphalaphala chikukankha kuchokera pansi, kutukumula chulu cha miyala yamoto pansonga paja, ndipo kugwedeza kukaleka chulucho chimakhala chatupa, chikungofuna kugumuka.

"Aphunzitsi Alwyn," anatero akumanga nsapato, "ine ndinakhala ndi amayi ako. Akamalalata ndinkabisala, akatopa ndinkalowa m'nyumba. Phiri lingandiuze chiyani chatsopano?"

"Amayi akati zii m'pamene mbale zinkauluka, Bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Koma zinkandiphonya, mwana wakukoleji iwe."

Lachitatu lija madzi ananjenjemera m'mawa wonse. A Tuitt, amene anatsala chifukwa cha bondo, akuti chakumasana kapu inadekha, Bambo n'kunyamula khasu akuimba mluzu. Pasanapite nthawi chulu chinagumuka. Mtambo wamoto unatsika ndi chigwa, osamveka n'phokoso lomwe. A Tuitt anathawa ndi bondo lomwelo. Pamene panali munda wathu pano ndi phulusa lokhalokha, likutenthabe, ndipo a helikopita asiya kuzungulirako.

Abusa akufunsa ngati tichite mwambo wa maliro popanda bokosi. Ndawauza kuti wamkulu ndinu. Moyo wanga wonse mwakhala mukundilamula, achemwali, chonde musasiye lero. Ndiyankheni.

Moni kwa alamu. Ana muwauze pang'onopang'ono. A Tuitt akuti moni, ndiponso akuti pepani, ngakhale sanalakwe kanthu. Azakhali Ina, amene tili nawo m'tchalitchi muno, nawonso akuti moni. Madzulo alionse amayalabe pogona pa Bambo, ndipo ine sindinawaletse.

Ndine mlongo wanu,
Alwyn