Mausi Akudya Zilembo

Lolemba, 9 Juni

Zilembo zikusowabe. Munthu akulemba bwinobwino pa makina athu atsopanowa, mwadzidzidzi chilembo chimodzi zii. Popeza pulogalamu ya kiyibodi ndinalemba ndine, ndiye kuti wolakwa ndine. Abwana pamsonkhano: "Mayi, ogula akubwera Lachisanu. Zikakukanikani tipatsa wina." Wina wakeyo ndi Katswiri, mwana wa mlongo wawo, amene analemba ya mausi. Anangomwetulira ngati munthu wokhuta.

Lachiwiri, 10 Juni

Ukadina batani, kiyibodi imaimba kabelu kuti pulosesa, ubongo wa kompyuta, isiye kaye zomwe ikuchita, itenge chilembocho. Tsiku lonse ndakhala ndikuwerengetsa: mabelu 500, zilembo 500. Kwa ine palibe chosowa. Mutu waima.

Lachitatu, 11 Juni

Ndachigwira! Ndinaima kumbuyo kwa asekilitale akuyesa makinawo. Iwo amalemba ndi dzanja limodzi, linalo likugwedeza mausi, ati kuti kompyuta isagone. Ife opanga mapulogalamu timalemba ndi manja awiri, mausi ali phee pambali, n'chifukwa chake sitinazione.

Kiyibodi ndi mausi zimadzera khomo limodzi. Belu la mausi likalira, pulogalamu ya Katswiri imangotola chilichonse chomwe yapeza pakhomopo, osafunsa kuti n'cha ndani. M'pulogalamu yakeyo mukusowa mzere umodzi wokha wofunsa zimenezo.

Ndinakamuuza. "Achemwali, zanga zilibe vuto, konzani zanu." Nditapita kwa abwana, sanandilole n'komwe kumaliza: "Zolozana chala pano ayi."

Lachinayi, 12 Juni

Andichotsa. Katswiri walemba yake ya kiyibodi, ine andipatsa ntchito yolemba kabuku ka malangizo. Zaka zisanu ndi chimodzi pa desiki imeneyi, lero ndizilemba kuti "dinani batani lobiriwira"! Zandipweteka, ndisaname. Mzere uja ndaulemba pa kapepala, kali m'chikwama. Palibe wandifunsa.

Lachisanu, 13 Juni

Ogula anabwera atatu. Ine pakona ndi tiyi wanga. Abwana chifuwa patsogolo: "Vuto linali la kiyibodi, takonza." Mmodzi wa ogulawo, mayi wa magalasi, anakhala pansi, dzanja lamanja likugwedeza mausi, lamanzere likulemba dzina la kampani yawo. Zilembo zitatu zii. Anabwereza, chimodzimodzi. Katswiri thukuta kamukamu, kuzula chingwe, kubwezera, kuzulanso.

Abwana anatembenuka, mawu atatsika. "Mayi, tabwerani mutithandize."

"Ine ndi wa kabuku, bwana."

"Chonde."

Ndinatulutsa kapepala kaja n'kukaika m'manja mwa Katswiri. "Ulembe wekha, m'pulogalamu yakoyo. Koma uyambe wawerenga mokweza, alendo amve pomwe panali vuto."

Anayang'ana amalume ake. Amalume ake anayang'ana pansi. Katswiri anawerenga.

Tiyi anali atazizira, koma ndinamwa yense.