Buledi Pansi pa Pilo

Lachinayi, Novembala. Mtima suli m'malo.

Bambo a ku Turkey amene ndimawasamalira kuntchito ayamba kubisa buledi pansi pa pilo. Wolakwa ndine. Lolemba ndinawaonetsa zithunzi zimene mwana wawo anajambula ku myuziyamu ya kwawo ku Antep, za mapanga amene anthu ankabisalamo mzinda utazingidwa ndi asilikali a ku France. Mayi a bambowa anali momwemo ali kamwana. Ine ndimati asangalala.

Lero andifumbatitsa kachidutswa ka buledi. "Bisa, mwana wanga. Amayamba ndi kutseka misewu."

Ndinaseka. Koma m'basi yobwerera ku Evington, komwe ndimakhala kudziko la eni kuno, mayi wina wandikalipira kuti ndizipita kwathu, anthu onse maso pa mafoni.

Buledi uja akadali m'thumba la yunifomu. Ndimati ndimutaye, koma…