Amuna anga akugumula khoma lililonse lomwe amanga

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kwathu kwa Kadewere. Amuna anga, a Hamilton, anabwera kuno chikamwini kuchokera kwa Mpama. Ndi amisiri omanga nyumba. Mukafika pa Namitambo, ena mwa masitolo owongoka bwino aja ndi manja awo. Koma ine mkazi wawo ndimagona m'khitchini pamodzi ndi ana ndi nkhuku.

Zinayamba ndi namondwe uja. Nyumba yathu, yomwe anamanga okha, inagwa mbali imodzi, khoma n'kuphwanya mwendo wa mwana wathu wotsiriza, Denis. Anachira, koma amatsimphina mpaka lero. Nyumba zinagwa zambiri m'mudzi muno, komabe amalume anga a Jimmy, eni mbumba, ananena pagulu uku akuseka kuti, "Apa ndiye taona, ya amisiri nayonso kugwa ngati khola la mbuzi!" Iwo anaiwala tsiku lomwelo. Amuna anga sanaiwale.

Chilimwe chitafika tinaumba njerwa, kuwotcha, n'kuyamba nyumba ina. Madzi ndinkatunga ndine kudambo mpaka khosi kuuma. Khoma litafika pawindo ndinangomva gu! gu! Potuluka ndinawapeza akugumula, ati ngodya yapendekeka. Ndinayang'anitsitsa, Aphungu, osaona kanthu. Anandionetsa kathovu ka mu levulo yawo yoyezera khoma n'kunena kuti, "Mayi a Denis, simukuona kuti kathawira uku? Mukufuna ulendo uno tiphe mwana?" Ndinangoti chabwino, amisiri ndinu.

Kuchokera pamenepo ndi zomwezo, kumanga, kuyeza, kugumula. Njerwa zikungothera kusweka. Malata omwe tinagula ayamba dzimbiri pansi pa mtengo wa mango. Maganyu anawathawa chigumulireni khoma la sitolo ya munthu wina, mwini wake ali poteropo kukuwa kuti lili bwinobwino. Kutchalitchi anasiya, ati anthu amawaloza zala. Samwa mowa, sanandikwezerepo dzanja, za akazi alibe. Bola akanakhala chidakwa, ndikanadziwa chokawauza ankhoswe. Nanga munthu ungakamudandaule kuti amasamala kwambiri?

Sabata yatha amalume omwewo anandiitana. Anati, "Iwe, mkamwini wosamaliza nyumba ngwachiyani pamudzi pano? Mvula ikapeza ana ali m'khitchini, ameneyu anyamule levulo yakeyo azipita kwawo." Mitambo yayamba kale kusonkhana paphiri. Khoma lafika pa lintala, pamwamba pa mawindo, pomwe silinafikepo n'kale lonse, koma dzulo ndinawaona amuna anga ataima pangodya, atatsinzina diso limodzi. Ndikudziwa chomwe chimatsatira.

Ndatopa. Ndimawakonda bambowa, koma Denis akamatsokomola ndi utsi wa m'khitchini muja mtima wanga umawada. Ndilole banja lithe, kapena ndizitungabe madzi?

L.K., Kadewere, Chiradzulu

Mayi L.K.,

Pepani, mwasenza zolemera, ndipo sindikunena za madzi okha. Koma mvetsani ichi kaye. Khoma lanulo lilibe vuto. Amuna anu akatsinzina diso pangodya paja saona njerwa, amaona mwendo wa Denis. Ngakhale mutawabweretsera levulo yochokera kunja, adzagumulabe, chifukwa akufuna nyumba yomwe singagwe ndi mvula iliyonse, ndipo nyumba yoteroyo palibe anaimangapo.

Inunso muli ndi kanu. Mawu aja akuti "chabwino, amisiri ndinu" asiyeni. Khalani nawo pansi ana atachokapo, muwauze maso ndi maso kuti chinagwetsa nyumba ndi namondwe, ndipo inu simunawaimbepo mlandu. Ndikukayika ngati munawauzapo zimenezi. Mwina mumaganiza kuti akudziwa, koma sakudziwa.

Kenako pitani kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Amalume anu anaseka pagulu, ndiye abweze mawu awo pamaso pa anthu. Asamathamangitse munthu chifukwa cha bala lomwe iwo omwe analithira tsabola. Akuluakulu sakonda kupepesa mkamwini, ndikudziwa, koma ankhoswe alipo chifukwa cha zoterezi.

Pankhani ya nyumba, musatsutsane ndi amuna anu za kathovu, akugonjetsani. Apempheni atchule okha mmisiri mnzawo yemwe amamulemekeza. Ameneyo adzayeze khoma ankhoswe alipo. Akati lili bwino, nyundo yogumulira muisunge ndinu, ndipo azibambo a kutchalitchi abwere adzakhome malata aja tsiku limodzi, mwini wake asanapeze mpata woganizanso. Nyumba ikafoleredwa lowani, ngakhale ilibe pulasitala.

Amuna anuwo muwaperekezenso kuchipatala mukafotokoze zonse monga mwandifotokozera ine. Kusiya tchalitchi, kuthawa anthu, kubwereza chinthu chimodzimodzi osakhutira, amenewa ndi matenda a maganizo ndipo ali ndi chithandizo. Si ufiti, komanso si ulesi.

Sindikunamizani kuti zonsezi zitheka mvula isanagwe. Mwina amuna anu akana za mmisiri mnzawoyo, mwina mudzuka mawa khoma lili pansi. Zikatero ana akagone kwa abale anu tsiku lomwelo, ndipo inu musatungenso madzi ngakhale ndowa imodzi mpaka avomere kupita kuchipatala. Kuwakonda sikutanthauza kuwathandiza kugumula.

Chenjezo langa ndi ili. Ngakhale mutatopa chotani, musalole amalume anu awapirikitse ngati wakuba, okhaokha, manyazi ali kumaso. Ngati kupita kuli kupita, abale awo adzawatenge, ndipo muwauze abalewo kuti asamawasiye okha. Bambo amene amakhulupirira kuti anapundula mwana wake ndi manja ake, mukamuuza kuti azipita kwawo, si nthawi zonse amakafika ali moyo.

Aphungu