Disiketi ya Atate

Lachitatu, mwezi wa Okutobala. Tsiku lonyansa.

Ndinapita ku kafe ya makompyuta ku Mtendere kukasindikiza mbiri ya malemu atate, ija ndinkatayipa iwo akundisimbira za ulendo wawo wochokera ku Mangochi. Ba Mulenga, eni kafe, atalowetsa disiketi, panangotuluka timabokosi tokhatokha.

"Ba sisi, pulogalamu yamene munalembelamo inasila kudala, siipezekanso. Yathu siimvela vinthu va kampani ina."

Zamanyazi! Babu yogula pamsika imayaka m'nyumba iliyonse, nanga mawu alakwanji? Mawu ndi a atate, zala zinali zanga, koma kampani ina yakhoma chitseko ngati landilodi, katundu wathu ali m'kati, n'kusowa ndi kiyi.

Amayi akudikira kuti ndidzawawerengere pa sadaka Lachisanu. Ndiwauza bwanji kuti atate amwaliranso kachiwiri...