Botolo la katemera wa Denja

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti. Fumbi tsiku lonse, koma mtima wakhalako pansi.

Chimvereni kuti galu wachiwewe analuma mbuzi ku Chinyunyu, ndakhala wopanda mtendere. Mwana wathu Chikondi wayamba kukwawa, ndipo galu wathu Denja amamunyambita kumaso.

Ndinafunsafunsa za katemera. Chipatala cha agalu cha ku Lusaka akuti n'chabwino, koma kondakitala wa minibasi anandiseka: "Ba mudala, galuyo akhala pampando uti?" Kuli bambo wina pamsika amene amabaya agalu ndi amphaka pansi pa mtengo. Anatulutsa botolo m'thumba la thalauza. Nditaligwira, linali lofunda ngati dzira longoikira kumene. Ndinakumbukira kusikelo: katemera wa Chikondi anesi amamutulutsa m'bokosi la ayezi. Ndinabweza botololo.

Lero ndakoka Denja pachingwe mpaka kwa dokotala wa ziweto kuboma. Ndisanapereke n'komwe moni ndinati, "Ndigwireko botolo." Anaseka n'kundipatsa. Lozizira! Abaya, andipatsanso kapepala.

Amake Chikondi akuti ndasanduka dokotala. Aseke. Denja anyambite mwana mmene afunira. Kwatsala kamphaka ka apongozi kaja kosagwirika. Mawa ndipita nako m'saka mwina...